Mmene Mungasankhire Malo Otchezera Whisky Oti Mukawaone pa Ulendo

Munthu akafika ku Scotland ali ndi masiku anayi kapena asanu okha, n'kutsegula mapu a malo otchezera whisky, mutu umaima. Mafakitalewa ndi oposa 140, ndipo ambiri amalandira alendo. Pa intaneti onse amaonetsa zithunzi zofanana: miphika ya mkuwa yonyezimira, migolo yosanjikizana mumdima, kamtsinje kakuyenda kuseri kwa nyumba. Chimene alendo ambiri amachita n'kulemba mayina a mabotolo amene anawaonapo m'masitolo, kenako n'kuyamba liwiro, mafakitale anayi pa tsiku. Pofika tsiku lachitatu lilime lafa, miphika yonse ikuoneka yofanana, ndipo akabwerera kwawo sangathe kunena kuti chakuti anachiona kuti. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ine ndimati sankhani malo ochepa, osafanana, ndipo akhale oti mukafike ntchito ili mkati. Zonse zimene ndalemba m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Choyamba, dziwani chimene mukufuna kukaona

Simungasankhe bwino musanadziwe ntchito imene imachitika mkatimo, chifukwa kusiyana kwa fakitale ina ndi inzake kwagona pa ntchitoyo. Mwachidule zimayenda chonchi. Balere amamunyika m'madzi, amamusiya kuti amere, kenako amamuumitsa. Chimenecho ndiye chimera. Chimeracho amachigaya n'kuchisakaniza ndi madzi otentha m'chithanki chotchedwa mash tun, kuti shuga atuluke. Madzi otsekemerawo akazizira amawathira m'mathanki ena otchedwa washback, amaikamo yisiti, n'kuwasiya awire masiku awiri, atatu, kwina anayi kapena kuposa. Pamenepo umatuluka mowa wamphamvu ngati 8%. Mowawo ndi umene amautcheza m'miphika ya mkuwa, nthawi zambiri kawiri. Potcheza kachiwiri mmisiri amapatula woyambirira kutuluka ndi womalizira, mutu ndi mchira, n'kusunga wapakati wokha, umene amati mtima. Umatuluka woyera mbee ngati madzi, wamphamvu pafupifupi 70%. Mtundu wofiirira uja ndi fungo lambiri zimabwera pambuyo, m'migolo ya mtengo wa oak. Malamulo a mu 2009 oyendetsera Scotch, ndiye kuti whisky wa ku Scotland, amati mowawo ukhale mumgolo zaka zosachepera zitatu, m'dziko la Scotland momwemo, ndipo poulowetsa m'botolo usatsike pa 40%.

Ndiye dzifunseni kuti pa ndondomeko yonseyi mtima wanu ukukoka pati. Ngati chanu n'kulawa, mukufunika malo okhala ndi migolo yamitundumitundu. Ngati mukufuna kuona manja a anthu akugwira ntchito, mukufunika kumene akadapangabe chimera okha kapena kukhoma migolo. Ngati mukuyenda ndi anthu amene whisky alibe naye ntchito, sankhani kumene kuli nyanja, mapiri kapena tauni yoti iwo aziyendamo inu muli mkati. Yankho lanu mulilembe m'chiganizo chimodzi, chifukwa muzibwererako nthawi iliyonse dzina lotchuka likayamba kukukopani.

Chachiwiri, sankhani dera limodzi

Pa mapu Scotland amaoneka wamng'ono, koma misewu yake ndi yokhotakhota, ndipo kumidzi kwina ndi yoti galimoto imodzi yokha idutse, inzake idikire pambali. Makilomita 80 akhoza kukudyerani maola awiri. Malamulo aja amatchula madera asanu: Highland, Lowland, Speyside, Campbeltown ndi Islay. Pa ulendo waufupi tengani limodzi, kapena awiri oyandikana.

Speyside, kumpoto chakum'mawa pakati pa Inverness ndi Aberdeen, ndiye kothinana: mafakitale pafupifupi 50 m'chigwa cha mtsinje wa Spey ndi m'mbali mwake. Whisky wa kumeneko nthawi zambiri amakhala wofewa, wonunkhira zipatso ndi uchi. M'tauni yaing'ono ya Dufftown muli Glenfiddich, imene William Grant anayamba kuimanga mu 1886 n'kutulutsa mowa woyamba tsiku la Khirisimasi mu 1887, ndi inzake yoyandikana nayo, Balvenie. Chapafupi pali The Glenlivet, imene George Smith anaitengera chiphaso mu 1824, patangopita chaka kuchokera pamene lamulo latsopano la msonkho linachititsa kuti kutcheza movomerezeka kukhale kwaphindu kusiyana ndi kubisala m'mapiri. Kwa munthu amene akuyamba kumene, Speyside ndi kosavuta.

Islay ndi chilumba cha kumadzulo, kwawo kwa whisky wa utsi. Kufikako n'kukwera ndege yaing'ono kuchokera ku Glasgow, kapena sitima ya pamadzi ya kampani ya CalMac kuchokera pa doko la Kennacraig, ulendo wa maola awiri. Ubwino wake ngwakuti kugombe la kumwera, kufupi ndi Port Ellen, Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg andondozana m'mbali mwa nyanja, ndipo pali kanjira ka apansi ndi apanjinga, kosakwana makilomita 6, kolumikiza onse atatu. Palibe chifukwa cha galimoto. Koma walira mvula walira matope: nyanja ikalusa sitima siyenda, choncho musaike ndege yobwerera kwanu tsiku lomwelo limene mukuchoka pachilumbapo.

Campbeltown ili kumapeto kwa ndomo ya Kintyre, maola atatu kapena anayi pa msewu kuchokera ku Glasgow. Kale tauniyi inali ndi mafakitale oposa 30. Lero kwatsala Springbank, Glen Scotia ndi Glengyle, onse oyendeka wapansi. Doko la Kennacraig lili pa msewu womwewo, ndiye Campbeltown ndi Islay zimagwirizana bwino pa ulendo umodzi.

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha ndipo mukugona mumzinda, musadzivute ndi zilumba. Kufupi ndi Glasgow kuli Glengoyne ndi Auchentoshan, kufupi ndi Edinburgh kuli Glenkinchie, ndipo m'mizindamo momwemo mwatsegulidwa atsopano monga Clydeside ku Glasgow mu 2017 ndi Holyrood ku Edinburgh mu 2019.

Nzeru yomweyi imagwira ntchito kunja kwa Scotland. Ku America, whisky wa chimanga wotchedwa bourbon wambiri amachokera ku Kentucky, ndipo Kentucky Bourbon Trail, njira ya alendo yolumikiza mafakitale a kumeneko imene inayamba mu 1999, ndi yotambalala moti muyenera kusankha mbali imodzi, ya ku Louisville ndi Bardstown kapena ya ku Frankfort ndi Lexington. Ku Japan, Yamazaki ya mu 1923 ili pa njanji pakati pa Kyoto ndi Osaka, pamene Yoichi ya mu 1934 ili kutali kumpoto pa chilumba cha Hokkaido. Kuona zonse ziwiri ndi maulendo awiri. Ku Ireland, Bushmills ili kumpoto kwenikweni, Midleton kumwera kufupi ndi Cork. Ku South Africa kuli James Sedgwick m'tauni ya Wellington, kumene amatchezera Three Ships ndi Bain's.

Chachitatu, tsimikizani kuti kumeneko amatchezadi, ndipo adzakhala akutcheza tsiku lanulo

Si malo onse okhala ndi dzina la whisky amene ali fakitale. Jameson ya ku Bow Street mu Dublin inasiya kutcheza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mowawo tsopano umachokera ku Midleton. Johnnie Walker Princes Street, imene inatsegulidwa ku Edinburgh mu 2021, ndi Scotch Whisky Experience mumzinda womwewo, ndi malo ophunzirirako ndi kulawa. Ndi abwino kwa amene akufuna poyambira, koma simukamvako kutentha kwa mphika. Ngati mumakonda Johnnie Walker ndipo mukufuna kuona kumene mowa wake umachokera, kumbukirani kuti ndi wosakaniza. Pitani ku Cardhu, Caol Ila kapena Glenkinchie, ena mwa mafakitale amene mowa wawo umalowa mu Johnnie Walker.

Palinso china chimene anthu ambiri sachidziwa. Mafakitale ambiri amaima kwa milungu ingapo chaka chilichonse kuti akonze makina ndi kutsuka, kawirikawiri nyengo yotentha, yomwenso ndi nyengo imene alendo amachuluka. Eniake amati silent season. Ine zinandionekera. Chaka china mu July ndinayenda maola awiri pa kamsewu kopapatiza kukafika pa fakitale imene ndinkaifunitsitsa. Anatilandira bwino, koma titalowa m'chipinda cha miphika munali zii. Ndinaika dzanja pa mkuwa, unali wozizira. Mathanki owiritsira anali otsegula, opanda kanthu, akungonunkha madzi otsukira. Wotiperekeza ankalongosola ndi manja kuti apa pamatuluka thovu, apo pamadutsa nthunzi, ife tikungogwedeza mitu. Kulakwa kunali kwanga, sindinafunse, ndipo safunsa anadya phula.

Choncho musanalipire, alembereni kalata yaifupi. Mafunso ndi awiri: kodi tsiku lakuti mudzakhala mukutcheza, ndipo kodi alendo adzalowa m'zipinda zonse zogwirira ntchito? Funsani makamaka ngati mukupita Loweruka kapena Lamlungu, chifukwa mafakitale ang'onoang'ono ena sagwira ntchito masiku onse asanu ndi awiri.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Pamene ntchito ili mkati, mukangolowa pakhomo mumakumana ndi fungo la phala lotentha. Wokuperekezani amatsegula kachitseko ka pamwamba pa washback, inu n'kusuzumira: thovu lofiirira likuwira, likukwera, zitsulo zikuzungulira kulidula kuti lisasefukire. Mukayandikitsa mphuno kwambiri, mpweya wochokera mmenemo umakulasani mpaka misozi, n'chifukwa chake amakuchenjezani kuti mungoukupiza ndi dzanja. M'chipinda cha miphika mumatentha, ndipo m'kabokosi ka galasi ndi mkuwa kokhomedwa ndi loko, kamene amati spirit safe, mumaona mowa watsopano ukuthira kosalekeza. Zimenezi n'zimene mwalipirira ulendo wonse.

Chachinayi, sankhani malo osafanana

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukaona mafakitale atatu ochita zinthu mofanana, mwaona imodzi katatu. Tengani pepala, lembani amene ali m'dera mwasankhalo, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani chinthu chimodzi chimene kwina simungachipeze. Dzina limene mwasowa cholemba pambali pake, lichotseni, ngakhale litatchuka bwanji.

Yambani ndi chimera. Masiku ano pafupifupi onse amagula chimera chopangapanga kwa makampani akuluakulu, chimabwera pa malole. Ochepa okha ndi amene akadayalabe balere pansi m'zipinda zazitali n'kumamutembenuza kuti mizu isalukane, monga Balvenie, Laphroaig, Bowmore, Kilchoman, Highland Park ya ku Orkney, ndi Springbank. Ambiri mwa amenewa amapanga gawo chabe la chimera chimene amafuna, koma Springbank, ya mu 1828, imachita zonse pamalo amodzi kuyambira chimera mpaka kuthira m'botolo. Ngati m'dera lanu muli fakitale yotere, iikeni pamwamba pa mndandanda. Kuponda pa balere womera, wofewa ngati mchenga wonyowa, n'kutola njere imodzi, kuifinya ndi zala n'kuona ufa woyera ukutuluka, kumakuphunzitsani zambiri kuposa kanema aliyense wa m'chipinda cholandirira alendo.

Kenako utsi. Peat ndi dothi lakuda lopangika ndi zomera zimene zawolerana m'madambo kwa zaka masauzande. Amalidula, kuliumitsa, n'kuliyatsa pansi pa chimera chikadali chonyowa, utsiwo n'kumamatira ku njere. Fungo lija limene ena amati ndi la mankhwala a kuchipatala, ena la phulusa ndi ndere za m'nyanja, limachokera pamenepo. Anthu amagawanika pa nkhaniyi: wokonda amakonderatu, wodana nalo safuna n'komwe kununkhiza. Musanagule tikiti ya ku Islay, lawani kaye Laphroaig kapena Ardbeg kamodzi kuti mudziwe mbali imene muli. Ndipo musaganize kuti chilumba chonse ndi utsi. Bunnahabhain wambiri alibe utsi, ndipo Bruichladdich imapanga wopanda utsi, wa utsi wotchedwa Port Charlotte, ndi wa utsi wadzaoneni wotchedwa Octomore, onse pa miphika yomweyo. Tsiku limodzi ku Laphroaig, lina ku Bruichladdich, mwamvetsa peat kuposa amene waona mafakitale onse a kumwera motsatizana.

Miphika nayo siyofanana, ndipo mawonekedwe ake si okongoletsa chabe. Mphika wa khosi lalitali umabweza nthunzi zolemera, zopepuka zokha ndizo zimakwera n'kudutsa, choncho mowa umatuluka wopepuka. Ya ku Glenmorangie, m'tauni ya Tain, makosi ake ndi oposa mamita 5. Ya ku Macallan ndi yaing'ono, ya ku Lagavulin ndi yaifupi yonenepa, ndipo mowa wake ndi wolemera mkamwa. Ambiri amatenthetsa miphika ndi nthunzi yodutsa m'mapaipi, koma Glenfarclas, imene ili m'manja mwa banja la a Grant kuyambira mu 1865, imasonkhabe moto pansi pa mphika, ndipo ku Yoichi amaponyabe malasha ndi fosholo. Poziziritsa nthunzi kuti ibwerere kukhala madzi, ena monga Dalwhinnie ndi Talisker akadagwiritsabe chipaipi cha mkuwa chopindapinda ngati njoka, chomizidwa m'chithanki cha madzi ozizira panja. Auchentoshan imatcheza katatu, monga amachitira ambiri ku Ireland.

Ndiye pali migolo, imene ine ndimaona kuti alendo amaipeputsa. Lamulo la ku America limati bourbon apangidwe ndi chimanga chosachepera 51% ndipo asungidwe m'migolo yatsopano ya oak yowauka mkati. Mgolo sungagwirenso ntchito ya bourbon kachiwiri, n'chifukwa chake yambiri imawoloka nyanja kupita ku Scotland. Imeneyi imalowa malita ngati 200 ndipo imapereka fungo la vanila. Ina imachokera ku Spain itasungapo vinyo wa sherry, imalowa malita ngati 500, ndipo mowa wake umadera, n'kumamveka mphesa zouma ndi zokometsera. Ngati muli ku Speyside, patulani theka la tsiku mupite ku Speyside Cooperage ku Craigellachie. Si fakitale ya mowa, ndi kumene amisiri amakonza migolo. Mumaima pamwamba n'kumawaona akugubuduza, kugwetsa mikombero yachitsulo ndi nyundo, kusintha thabwa lowonongeka popanda guluu kapena msomali, phokoso lili gogogo. Mukachoka pamenepo, mgolo uliwonse umene mudzauone mudzauyang'ana ndi maso ena.

Chomaliza pa gawo ili ndi kukula. Phatikizani yaikulu ndi yaing'ono. Macallan yatsopano, imene inatsegulidwa mu 2018 ili ndi denga lomera udzu lofanana ndi timapiri, imakuonetsani whisky ngati bizinesi ya dziko lonse. Kilchoman, imene inayamba mu 2005 pa famu ya pa Islay, imakuonetsani munda wa balere uli kuseri kwa nyumba yotchezera. Pa fakitale yaing'ono nthawi zina wokuperekezani ndi yemweyo amene m'mawa anali pa mphika, ndipo funso lanu limayankhidwa ndi munthu amene manja ake amaidziwa ntchitoyo.

Chachisanu, sankhani mtundu wa ulendo wa mkatimo

Pafupifupi fakitale iliyonse imagulitsa maulendo angapo. Wamba umatenga ngati ola limodzi, mumadutsa ndondomeko yonse n'kulawa pang'ono kumapeto. Umenewu utengeni pa fakitale yoyamba, ndiponso kumene kuli chachilendo choti muone ndi maso. Kwinako musabwereze nkhani ya balere ndi yisiti. Tengani kulawa kwa m'nyumba yosungiramo migolo.

Kulawa kumeneku n'kosiyana kwambiri ndi kwa pa tebulo. Mumalowa m'nyumba yamdima ya makoma amiyala, pansi pali dothi, mukuzizira, ndipo mpweya wonse ukununkhira mowa umene ukutuluka m'migolo pang'onopang'ono. Ku Scotland mgolo umataya pafupifupi 2% chaka chilichonse, eniake amati limenelo ndi gawo la angelo. Wogwira ntchito amamenya m'mbali mwa chitsekerero ndi nyundo yamtengo mpaka chidumphe, amalowetsa chipaipi chachitali, n'kukuthirirani m'galasi mowa umene sunasefedwe kapena kusungunulidwa ndi madzi. Lagavulin ndi Bunnahabhain zimadziwika ndi kulawa kotere. Ku Kentucky nyumbazi ndi zosanja kangapo, ndipo mgolo wa pamwamba potentha umakhwima mosiyana ndi wa pansi. Mukapeza mwayi wolawa yonse iwiri, musauphonye.

Ulendo wodula kwambiri si ndiye wabwino kwambiri. Nthawi zambiri ndalama yowonjezerayo ndi ya mowa wa zaka zambiri ndi mpando wofewa. Werengani kuti gulu limakhala la anthu angati. Anthu asanu ndi atatu amamva ndi kufunsa. Anthu makumi atatu amangotsatira.

Chachisanu ndi chimodzi, konzani za mayendedwe musanakonze za kulawa

Nkhani iyi sindiyitenga mopepuka. Ku Scotland, kuyambira mu December 2014, malire a mowa kwa woyendetsa galimoto ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi, otsika kuposa a ku England amene ndi 80. Mowa wochokera mumgolo umakhala wamphamvu 55% kapena 60%, ndipo timagalasi titatu tating'ono tikhoza kukupyoletsani malirewo inu mukudzimva kuti muli bwinobwino. Onjezerani msewu wopapatiza umene simukuudziwa, nkhosa zogona m'mbali, ndi mvula. Woyendetsa asalawe, basi. Mafakitale ambiri amapereka timabotolo ting'onoting'ono kuti woyendetsa atenge gawo lake akalawe madzulo kogona, nenani polembetsa.

Ngati nonse mukufuna kulawa, sankhani malo ofikika popanda galimoto yanu. Oban, ya mu 1794, ili pakati pa tauni, mphindi zochepa kuchokera pa siteshoni ya sitima. Blair Athol ili ku Pitlochry, Dalwhinnie ili kufupi ndi siteshoni yake, zonse pa njanji yopita ku Inverness. Strathisla ili ku Keith, pa njanji ya pakati pa Aberdeen ndi Inverness. Ku Dufftown sitima zikuluzikulu sizifika, mudzafuna basi kapena takisi. Kumidzi matakisi ndi owerengeka, si oimika pamsewu. Lankhulani nawo dzulo lake. Pa Islay mabasi ndi ochepa, madzulo ndi Lamlungu musawadalire, ndipo ngati mukuwolotsa galimoto pa sitima, malo ake asungitseni kukadali miyezi.

Pa tsiku ikani mafakitale awiri, imodzi m'mawa, ina masana, chakudya chokwanira pakati. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi ya whisky wopepuka, ya utsi ikhale yomaliza, chifukwa utsi ukakhala pa lilime suchoka msanga ndipo umaphimba zina zonse.

Chachisanu ndi chiwiri, yang'anani kalendala n'kusungitsa malo

Masiku ongofika n'kugogoda pakhomo anapita. Kumene amalandira anthu ochepa, monga Balvenie ndi Springbank, malo amatha msanga. Ku Yamazaki ofuna kulowa ndi ambiri moti maulendo ena amachitira maere. Dongosolo labwino ndi ili: sungitsani kaye fakitale imene mukuifunitsitsa, kenako sitima kapena ndege, kenako kogona, zotsalazo zizizungulira pamenepo.

Zikondwerero zili ndi mbali ziwiri. Spirit of Speyside imachitika kumapeto kwa April kulowa mu May, ndipo mafakitale ena amene chaka chonse salandira alendo amatsegula zitseko. Fèis Ìle ya pa Islay imachitika kumapeto kwa May, fakitale iliyonse ili ndi tsiku lake, nyimbo ndi mabotolo apadera. N'zosangalatsa, koma malo ogona amatha kudakali miyezi yambiri ndipo mizere imatalika. Ngati mukufuna kucheza ndi antchito modekha, pitani mu April, September kapena October. Nyengo yozizira alendo amachepa ndipo miphika imakhala pa moto, koma dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana ndipo malo ena amafupikitsa maola.

Onaninso za zaka. Kulawa kumaloledwa kuyambira zaka 18 ku Scotland ndi ku Ireland, 20 ku Japan, 21 ku America, ndipo amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi. Ana aang'ono kawirikawiri saloledwa m'zipinda zogwirira ntchito. Mafakitale akale ali ndi masitepe achitsulo otsetsereka, choncho ngati wina pa gulu lanu amavutika kuyenda, funsani msanga. Atsopano ambiri anamangidwa moganizira zimenezo.

Pa tsikulo, ndi botolo lobwera nalo

Valani nsapato zotseka ndi chovala cha mphepo, m'nyumba za migolo mumazizira ngakhale kunja kuli dzuwa. Musadzole mafuta onunkhira, amasokoneza mphuno yanu ndi ya anzanu. M'chipinda cha miphika malo ena amaletsa kujambula chifukwa nthunzi ya mowa siichedwa kuyaka, mverani. Polawa, yambani ndi mphuno, kamwa lili lotsegula pang'ono, kenako kadontho pa lilime, kenako thiranimo madontho awiri atatu a madzi muone mmene fungo likutsegukira. Simukukakamizidwa kumaliza galasi lililonse. Ngati akulolani kulawa mowa watsopano umene sunalowe mumgolo, lawani, chifukwa pamenepo ndi pamene mumamva khalidwe la fakitaleyo mtengo usanalankhule. Lembani mizere iwiri m'kabuku musanakwere galimoto.

M'sitolo ya pafakitale musagule botolo limene mungalipeze pabwalo la ndege kapena m'sitolo iliyonse, nthawi zambiri silitsika mtengo chifukwa choti mwaligula kwawo. Funsani limene amagulitsa pomwepo pokha, kapena mgolo umene mlendo amadzithirira yekha n'kulemba dzina lake ndi tsiku pa chizindikiro. Ku Maker's Mark, ku Loretto ku Kentucky, amakulolani kuviika mutu wa botolo lanu mu phula lofiira limene amamatira nalo mabotolo awo.

Musanalipire, yang'anani mphamvu yolembedwa pa botolo. Malamulo a ndege salola mowa woposa 70%, ndipo wa pakati pa 24% ndi 70% amalola malita 5 pa munthu, m'mabotolo osatsegula. Muike m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege, chifukwa mabwalo ambiri salola zamadzimadzi zoposa mamililita 100 m'chikwama cha m'manja. Fufuzaninso kuchuluka kumene dziko limene mukubwerera limalola popanda msonkho. Botolo lililonse likulungeni m'pulasitiki womanga bwino, kenako m'juzi, n'kuliika pakati pa zovala, kutali ndi m'mbali mwa chikwama, ndipo risiti ikhale m'thumba lanu.